Kuwolotsa ana asukulu pa Mchinji kupita ku Zambia: zomwe taona pa maulendo otere

Makolo akamva zoti sukulu ikukonza ulendo wa kunja, maganizo amathamangira ku ndege, ku Joni kapena ku Ulaya. Koma kwa ife a ku Mchinji ndi Kasungu, kunja kuli kuseri kwa nyumba. Kuchoka pa boma la Mchinji kukafika pachipata cha m'malire ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo mukawoloka, galimoto silitha ola musanalowe mu Chipata. A ku Kasungu amatsika ndi msewu wa M18 wodzera pa Kamwendo. Zomwe talemba panozi ndi za aphunzitsi, makomiti a makolo ndi atsogoleri a achinyamata amene akufuna kupita ndi ana a sekondale kapena a kukoleji ku Zambia.

Chovuta ndi Zambia n'choti imafanana kwambiri ndi kwathu. Nsima ndi yomweyo, ndalama ndi kwacha, nthawi ndi imodzi, magalimoto amayenda kumanzere, ndipo mpaka ku Lusaka munthu akumva ukamupatsa moni. Mwana amatha kuyenda masiku asanu atanyamulidwa ngati thumba la mtedza, n'kubwerako alibe kanthu kupatula zithunzi za mufoni. Amene amabwerako atasintha ndi uja adapatsidwa ntchito pa ulendowo: kugwira pasipoti yake, kuwerengera ndalama zake, kufunsa yekha njira, kuthokoza eni khomo pamaso pa anzake. Pokonza chilichonse muzidzifunsa kuti, kodi ichi mwana angachite yekha ife titaima pambali?

Nthawi yonyamukira

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Sepitembala n'kutha mu Julayi, pomwe ku Zambia chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Ambiri amasankha Ogasiti chifukwa ana athu ali pa holide yaitali, osadziwa kuti mwezi womwewo anzawo a uko amakhalanso atatsekera. Mukafika pasukulu yomwe munkafuna kukacheza nayo mupeza mlonda yekha. Ngati cholinga chachikulu ndi kukhala m'kalasi ndi ana a ku Zambia, lemberanani makalata ndi sukuluyo kaye, iwo akuuzeni sabata yoyenera.

Ubwino wa Ogasiti ndi Kulamba. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la mweziwo ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Mwana wa kwa Mkanda kapena kwa Kaomba akaona mfumu ya kwawo ikudikira pamzere umodzi ndi mafumu a ku Tete, amamvetsa mosavuta zomwe bukhu la mbiri lakhala likulephera kumufotokozera, zoti malirewa adadza mochedwa, anthu anali kale amodzi. Malo ogona ku Katete amadzaza msanga, choncho gonani ku Chipata n'kulawirira mbandakucha, pakuti mtunda wake sukwana makilomita 100. Kumakhala fumbi ndi khamu losaneneka. Musanatsike m'basi gwirizanani mtengo kapena chikwangwani chimodzi chokumanirapo, ndipo aliyense akhale ndi botolo la madzi.

Nkhani ya gule muinene poyera m'kalata yopita kwa makolo. Mabanja ena, chifukwa cha mpingo wawo, safuna mwana wawo ayandikire Gule Wamkulu, ndipo akadzamva ulendo utatha, mlandu wake suchepa. Anawo auzeni mwambo: saloza chala, saseka chilombo, satsatira kumene chikulowera, ndipo chithunzi amajambula atafunsa. Auzeninso kuti mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira gule ameneyu ngati chuma cha maiko atatuwa pamodzi.

Wina ndi mwambo wa Nc'wala wa Angoni a Mpezeni, womwe umachitikira ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata Loweruka lomaliza la Febuluwale. Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni ku Mchinji kuno ndi a banja lomwelo. Ndi mwambo wolawa zakumunda zoyamba kucha, ndipo amabaya ng'ombe yamphongo yakuda. Umagwa mkati mwa teremu ndi mkati mwa dzinja, koma ndi ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri, wotsika mtengo, woyenera sukulu yomwe ikuyesa koyamba. Muwakonzekeretse ana ndi mbiri ya Zwangendaba amene adawoloka Zambezi mu 1835, ndi ya Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene adalimbana ndi Angerezi n'kuphedwa mu 1898.

Mapepala

Apa ndi pamene maulendo ambiri amafera. Yambani miyezi inayi kapena isanu tsikulo lisanafike. Mmalawi safunika viza polowa mu Zambia, koma pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi isanathe. Kapepala kowolokera komwe anthu a m'malire amatenga ndi ka ulendo wapafupi wa masiku ochepa. Musakadalire ngati mukulowera ku Lusaka, ndipo ngakhale pa ulendo wa ku Chipata kafunseni a Immigration pachipata sabata zingapo zisanakwane kuti gulu la ana alilandira ndi mapepala otani.

Mwana aliyense wosakwana zaka 18 akhale ndi kalata yachilolezo yosayinidwa ndi kholo kapena womulera, yokhala ndi nambala ya foni ndi fotokope ya chiphaso cha unzika cha wosayinayo. Ikakhala yolumbirira kwa majisitireti kapena loya imalemera kwambiri. Sukulu itengenso kalata yovomereza kuchokera ku ofesi ya maphunziro: masekondale a ku Kasungu ali pansi pa Central East Education Division, a ku Mchinji pansi pa Central West.

Cholakwika chomwe chimabwerezedwa chaka ndi chaka ndi maina. Kwathu kuno mwana amatha kulembetsa kusukulu ndi dzina la amalume ake omwe akumulipirira fizi, pomwe pa pasipoti pali la bambo ake, ndipo pa kalata yachilolezo asayina mayi a dzina linanso. Pawindo la ofisala zimenezi zimaoneka ngati ana atatu osiyana. Lembani mndandanda wa gulu lonse mokopera pa pasipoti, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti. Pangani makope asanu: wotsogolera, womuthandiza, dalaivala, wotsala kusukulu, ndi wina wopereka pachipata. Pasipoti iliyonse ikhale ndi fotokope ndi tizithunzi tiwiri ta mwini wake, zosungidwa m'chikwama china, osati momwe muli mapasipotimo.

Chipata cha Mchinji ndi Mwami chidasanduka cha malo amodzi mu Disembala 2022, moti zotuluka ndi zolowa mumachitira pamodzi. Aphunzitsi ambiri amasonkhanitsa mapasipoti onse n'kukapereka okha kuti zifulumire. Ife sitilimbikitsa zimenezo. Mwana aime yekha pawindo, apereke moni, ayankhe kumene akupita, masiku amene akakhale ndi kumene akagone. Muyeseze mafunso atatuwa m'kalasi. Kwa ambiri aka ndi koyamba kuyankhula ndi munthu wa yunifolomu popanda wamkulu wowayankhira, ndipo mumaona ndi maso momwe amayendera akachoka pawindopo. Akatha, mphunzitsi atolere mapasipoti, awerenge, ndipo atsegule iliyonse kuona ngati chidindo chamenyedwa komanso masiku amene alembedwa. Chidindo chikasowa kapena masiku akaperewera, vuto lake mudzaliona pobwerera, ndalama zitatha kale.

Galimoto ndi ndalama

Basi yahayala isakhale ya munthu amene wangoti "timapitako". Onani ndi maso anu bulubuku, kalata ya mwini galimoto yololeza dalaivala kutuluka nayo m'dziko, chilolezo chonyamulira anthu kunja kwa dziko, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa, ndi inshuwalansi ya COMESA yomwe amaitcha Yellow Card. Ku Zambia kuli msonkho wa utsi wa galimoto wolipira polowa, komanso mageti olipiritsa mumsewu. Mulembe pa mgwirizano kuti zimenezi alipira ndani, apo ayi mudzakangana ndi dalaivala pageti ana akuonerera. Ulendo wa ku Lusaka umafuna madalaivala awiri. Gulu laling'ono, la anthu 15 kapena kucheperapo, limapulumutsa ndalama pokwera mabasi a Chipata–Lusaka omwe amanyamuka m'mamawa kwambiri. Matikiti gulani dzulo lake.

Ndalama zakunja zimavuta m'mabanki mwathu, choncho pitani msanga ndi kalata ya sukulu, mndandanda ndi mapasipoti. Ana asasinthe okha ndalama kwa anyamata oima m'mbali mwa msewu. Njira zoberazo ndi zakale: kuwerenga mothamanga, kupinda pepala limodzi kuti liwerengedwe kawiri, kubweza mpukutu utachotsedwapo pamene wakana mtengo, kapena kusakaniza zachinyengo. Mu 2025 Zambia idatulutsa ndalama zatsopano, ndiye wina akakupatsani zakale musalandire musanafunse kubanki.

Dzina la kwacha limapusitsa. Kwacha imodzi ya uko ndi makwacha ambiri a kuno, ndipo mwana akamva kuti chinthu ndi "20" amaona ngati chaulere, mpaka ndalama ya sabata yonse kuthera pa Chipata. Tsiku loyamba aliyense alembe mtengo wosinthira pachikuto cha kope lake. Ndalama ya m'thumba igawidwe m'maenvelopu a tsiku ndi tsiku, yofanana kwa onse, ndipo madzulo mwana alembe zomwe wagula. Kufananitsaku kumateteza ana a mabanja osowa, amene amangoti "sindili ndi njala" anzawo akamagula tchipisi. Pa bajeti yonse patulani gawo limodzi mwa magawo khumi losakhudza, la tayala, chipatala kapena usiku wina wosayembekezeka.

Za mafoni n'zachidule. Netiweki imasintha mukangowoloka ndipo mayunitsi amatha ngati madzi. Gulani masimu khadi awiri a uko, a makampani osiyana, olembetsa ndi pasipoti ya mphunzitsi. Makolo alandire uthenga umodzi madzulo aliwonse pa gulu la WhatsApp. Masoketi ambiri ndi a mano atatu ngati athu, koma tengani ekisitenshoni ndi matochi, chifukwa nakonso magetsi amazima, makamaka madzi akachepa ku Kariba monga zidachitikira ndi chilala cha 2024.

Mumsewu

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu. Mumadutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kenako mapiri ndi makhotakhota otsikira ku mlatho wa Luangwa. Chigawo chimenechi muchidutse dzuwa likuswa mtengo, osati usiku. Kumatentha, ndipo ana osazolowera amasanza: akhale kutsogolo, adye zopepuka, majumbo akhale pafupi. Pamlathopo pali achitetezo, mafoni alowe m'thumba. Kutsidya kuli msika wa nsomba zouma ndi madengu, pabwino popumira. Kulikonse mwaima, werengani mitu musananyamuke. Mphunzitsi mmodzi asapitirire ana 10, ndipo atsikana akhale ndi mayi wawo wowayang'anira amene wanyamula mapadi okwanira, pakuti ulendo umasokoneza masiku.

Msewu umenewu ndi kalasi ya zilankhulo. Mpaka ku Katete mumamva Chichewa chonga cha kwathu. Petauke ndi Nyimba ndi kwa Ansenga. Chakufupi ndi Chongwe kuli Asoli. Mu Lusaka muli Chinyanja cha mtauni chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Adzamva "nili bwino" m'malo mwa ndili bwino, "mwauka bwanji" m'mawa, "vinthu" kunena zinthu, "manje" kunena tsopano, "chabe" pomwe ife tikadati basi, ndi "ba" patsogolo pa dzina la munthu wolemekezeka. Mwana aliyense atole mawu 10 patsiku, alembe amene wamuuza ndi kumene wawamva. Muwachenjeze asaseke kapena kukonza eni dziko, ngati kuti Chichewa chenicheni ndi cha ku Kasungu chokha. Nawonso adzasekedwa kuti amayankhula Chinyanja chakuya ngati agogo. Kusekedwako n'kwabwino ndithu, pakuti ambiri amayamba pamenepo kumva chilankhulo chawo ngati chinthu chokhala ndi mwini.

Pa chakudya kusiyana kwake n'kochepa koma kokwanira kuyambitsa nkhani. Masamba otendera Abemba amati ifisashi, chinaka chija amati chikanda, pali kapenta, pali munkoyo womwe ana amaufanizira ndi thobwa. Lamulo likhale loti aliyense alawe asanakane. Abemba ali ndi mwambi woti umwana ashenda atasha nyina ukunaya, kunena kuti mwana wosayenda amayamikira amake okha pa kaphikidwe ka nsima. Musanyamule matumba a ufa kuwoloka nawo, chifukwa zakudya zili ndi malamulo ake pachipata. Kagulireni konko.

Lusaka ndi Livingstone

Mu Lusaka musathere tsiku m'mashopu akuluakulu. Pitani ku Chilenje House 394, kanyumba komwe Kenneth Kaunda adakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 akumenyera ufulu. Ana ambiri sadziwa kuti bambo ake, David Kaunda, adachokera ku Nyasaland, atatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukatumikira ku Chinsali. Pamenepo mulumikize ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chomwe Kamuzu Banda wa ku Kasungu adalimbana nacho, ndi masiku a ufulu: 6 Julayi 1964 kwathu, 24 Okutobala chaka chomwecho kwa anzathu. Lusaka National Museum ili pa Independence Avenue pafupi ndi chiboliboli cha munthu wodula maunyolo. University of Zambia mumaidutsa polowa mumzinda, koma kuti mulandiridwe lembani kalata mwezi usanakwane, ndipo pemphani kuti anawo acheze ndi ophunzira, osati akuluakulu okha. Mwana wa Fomu 3 amafunsa momasuka kwa amene wangomuposa zaka zinayi.

Pali tinthu tomwe akuluakulu timaiwala kuti n'tachilendo: kuwoloka msewu wa mizere inayi, masitepe oyenda okha, shawa ya madzi otentha, chimbudzi chogejemula. Fotokozerani gulu lonse nthawi imodzi mongocheza, kuti pasakhale wochita manyazi. Mwana amene waopa kufunsa amatha kudzigwira tsiku lonse mpaka kudwala. Safunsa adadya phula. Ku misika ya Kamwala ndi Soweto alowe asanuasanu, chikwama kutsogolo, nthawi yotulukira yodziwika.

Livingstone ndi makilomita ena pafupifupi 480, kudzera Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ndiye ulendo wonse usachepere masiku 7. Mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), omwe ali pafupi ndi mzindawu, ndi otambalala mamita oposa 1,700 ndipo madzi amagwa mamita 108 pamene pali patali kwambiri. Kuyambira Malichi mpaka Meyi madzi amachuluka moti mumanyowa ngati mwagwa mumtsinje, choncho makope ndi mafoni akulungidwe m'mapulasitiki. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha, ana n'kumadabwa chomwe mwawavutitsira. Anyani a pamenepo amalanda chakudya m'manja. Mitengo yolowera imasiyana pakati pa nzika ndi alendo, funsiranitu. Mlatho wa 1905 wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe uli pomwepo, ndipo Livingstone Museum, yomwe idayamba mu 1934, imasunga makalata ndi katundu wa David Livingstone. Iye adafika pa mathithiwa mu 1855 akuperekezedwa ndi Amakololo, ndipo ena mwa Amakololo amene adayenda naye pambuyo pake adakhazikika ku Chikwawa n'kukhala mafumu, monga Kasisi ndi Katunga. Mwana akamva zimenezi ali chiimire m'mbali mwa Zambezi saziiwala.

Madzulo, ndi zomwe zimalakwika

Chinthu chomwe chimasiyanitsa ulendo wamaphunziro ndi kokayenda ndi mphindi 30 za madzulo aliwonse, mafoni atazimitsidwa. Mafunso ndi atatu okha: waona chiyani chofanana ndi kwathu, chiyani chosiyana, ndipo ukuganiza kuti chifukwa chake n'chiyani? Funso lachitatulo ndilo lovuta, musaliyankhe inu. Pomwepo gawaninso maudindo a mawa: wowerenga anthu, wosunga nthawi, wosunga malisiti, woona ukhondo m'basi, ndi wothokoza eni malo. Udindo womalizawu muzipereka kwa amanyazi, mutawauziratu usiku kuti akonzekere. Kamphatso ka eni khomo, kaya paketi ya tiyi wa ku Thyolo kapena mpunga pang'ono wa Kilombero, kaperekedwe ndi mwana, ndi manja awiri.

Usiku wachiwiri ndi umene ana amapukwa. Wina amalira, wina amati mutu, wina amangokhala duu. Musamuseke kapena kumuimbira makolo msanga, mpatseni ntchito ndi mnzake woyenda naye. Koma thupi likatentha musaganizire, kamuyezetseni malungo tsiku lomwelo. Tengani maneti, Thanzi ORS, panado ndi sopo. Madzi akumwa akhale ogula kapena othira mankhwala, pakuti kolera adavuta kuno mu 2022 ndi 2023, ndipo ku Lusaka kumayambiriro a 2024. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku awanyamule m'mapaketi ake pamodzi ndi bukhu la kuchipatala, ndipo mphunzitsi mmodzi yekha adziwe, mwachinsinsi.

Pasipoti ikatayika, kanenani kupolisi yapafupi, tengani lipoti, mupite nalo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka pamodzi ndi fotokope ndi tizithunzi tija kuti akupatseni chikalata chobwerera. Mphunzitsi mmodzi atsale ndi mwanayo, gulu lipitirire.

Ndiye pali achibale. Pafupifupi banja lililonse la ku Mchinji lili ndi wina ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo amatulukira pamalo ogona kuti "timutengeko mphwathuyu akaone kunyumba, tibwera naye mawa." Kukana kumaoneka mwano, koma kanani. Achezere pomwepo inu mukuona, pokhapokha makolo atalemba dzina la munthuyo m'kalata musananyamuke.

Pobwerera sungani malisiti a zitenje ndi zina zomwe ana agula, ndipo musalole munthu aliyense kukwezetsa katundu wake m'basi ya sukulu kuti mumuwolotsere. Mapasipoti abwezedwe kwa makolo mosayinirana. Pasanathe sabata ziwiri anawo aime pamaso pa makolo ndi anzawo otsala, afotokoze m'Chichewa, makope ali m'manja, ndipo komiti iwerenge poyera momwe ndalama zayendera.

Ena amabwera akunyoza kwawo, pakamwa pali "ku Lusaka" pokhapokha, "manje" osachoka. Zimatha zokha, koma ntchito imodzi imathandiza kuti zithe bwino. Atumeni kwa agogo a m'mudzi mwawo amene adagwirako ntchito ku migodi ya kopa ku Kitwe kapena ku Luanshya, kapena amene adakwatiwira kutsidya kwa malire. Akafunse kuti adayenda bwanji, adawolokera pati, adanyamula mapepala anji, adaphunzira mawu ati, ndipo adabwera ndi chiyani m'sutikesi. Mayankhowo alembedwe m'kope lomwe lija, kuyambira patsamba lotsatira mawu omaliza a ku Zambia.